Seva ya kunyumba ndi kuzimazima kwa magetsi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu amene ali ndi seva, kompyuta yokhala yoyaka usana ndi usiku pakhomo, yosungira zithunzi za banja, mafayilo a bizinesi, makanema kapena zojambula za makamera. Tayamba ndi mafunso ofewa, ozama ali kumunsi.

Kodi seva imawonongekadi magetsi akazima mwadzidzidzi? Yanga yazimapo kambirimbiri koma ikugwirabe ntchito.

Nthawi zambiri imayakanso bwinobwino, n'chifukwa chake anthu amatayirira. Koma kompyuta silemba chilichonse pa disiki nthawi yomweyo. Zina imayamba yazisunga m'memore, n'kuzilemba pakapita masekondi angapo. Magetsi akazima pa kamphindi kameneko, zomwe zinali m'memore zapita, ndipo fayilo yomwe inali kulembedwa imatsala theka. Njira zamakono zosungira mafayilo monga ext4, NTFS ndi ZFS zimatha kudzikonza kuti disiki yonse isasokonezeke, koma sizingabweze zomwe sizinafike pa disiki. Amene amavutika kwambiri ndi omwe seva yawo ndi kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi koyendera memori khadi, chifukwa makhadi amenewa sachedwa kusokonezeka magetsi akadulidwa ali mkati molemba.

Chachiwiri, chowononga zipangizo kwenikweni si kuzimako ayi, ndi kubwera kwake. Magetsi pobwera amatha kuphethira, kubwera ofooka, kapena kubwera ndi mphamvu yopitirira 230V imene zipangizo zathu zimayembekeza. Seva ikayaka, kuzima, n'kuyakanso kangapo m'mphindi imodzi, disiki ndi power supply (kabokosi kopereka magetsi ku zipangizo za m'kati mwa kompyuta) zimazunzika.

Kuno ku Malawi nkhaniyi si yongoyerekeza. Gawo lalikulu la magetsi athu limapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina nthawi ya mvula, magetsi amagawidwa mosinthana. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130MW kwa nthawi yopitirira chaka. Munthu woyika seva pakhomo ayenera kuwerengera kuzima kwa magetsi ngati chinthu cha sabata ndi sabata.

UPS n'chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi inveta?

Zonse ziwiri zimatenga mphamvu ya m'batire n'kuisandutsa magetsi a pa soketi. Kusiyana kwake kuli pa ntchito. UPS inapangidwa kuti ilowepo msanga, m'kamphindi kosafika pa kuphethira kwa diso, kompyuta isanazindikire kuti magetsi azima. Batire lake ndi laling'ono. Inveta inapangidwa kuti ikhalitse, imalumikizidwa ku mabatire akuluakulu, koma ina imachedwerako kulowapo moti kompyuta imazima n'kuyambiranso.

Mfundo imene tikufuna muigwire musanawononge ndalama ndi iyi: ntchito ya UPS yaing'ono si kuyendetsa seva mpaka magetsi abwere. Ntchito yake ndi kuipatsa mphindi zochepa zoti imalize kulemba n'kudzizimitsa mwadongosolo. Ambiri amene amakhumudwa ndi UPS anaigulira ntchito yomwe si yake.

Ma UPS alipo a mitundu itatu. Wotchipa kwambiri umangodikira magetsi azime. Wapakati, wotchedwa line-interactive, umakonzanso magetsi akabwera ofooka kapena ochuluka osagwiritsa ntchito batire, ndipo ndi umene umayenera makomo ambiri. Wachitatu, wa online, umadutsitsa magetsi onse m'makina ake nthawi zonse. Ndi wabwino zedi koma ndi wodula, fani yake imasokosa, komanso umadya mayunitsi pawokha.

Ndigule UPS yaikulu bwanji? Pa bokosi alembapo VA, pamene zipangizo zanga zalembedwa W.

Zonse ziwiri ndi miyeso ya mphamvu ya magetsi, koma yang'anani nambala ya W (mawati), yosonyeza mphamvu yeniyeni imene zipangizo zimadya, osati ya VA. Pa ma UPS aang'ono, W imakhala pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a VA, choncho ya 650VA imanyamula katundu wa pakati pa 360W ndi 390W.

Kenako dziwani zomwe zipangizo zanu zimadyadi. Nambala yolembedwa pa power supply, monga 450W, ndi malire a zomwe ingapereke, si zomwe kompyuta ikudya. Raspberry Pi 4 imadya pakati pa 3W ndi 7W. Kakompyuta kakang'ono ka mtundu wa mini PC kamadya 10W mpaka 20W kakakhala kosatanganidwa. Kompyuta yakale ya pa desiki imatha kudya 50W mpaka 100W. Disiki iliyonse yaikulu yozungulira mkati imawonjezera 5W mpaka 8W, ndipo poyamba kuzungulira imakoka zoposa pamenepo kwa masekondi ochepa. Rauta, kabokosi kogawa intaneti pakhomo, imadya pafupifupi 10W. Ngati mungapeze kamita kolowetsa pa soketi koyezera W, yezani, musangoganizira.

Mukaphatikiza zonse, sankhani UPS yoti katundu wanu asapitirire theka la mphamvu yake. Pa UPS musalumikizepo ayironi, ketulo, filiji kapena printer ya laser. Ndi bwino kumata masoketi otsala ndi tepi kuti wina pakhomo asalowetsepo zimenezi mosadziwa.

Ndiye UPS ya 650VA ingandifikitse maola angati?

Si maola, ndi mphindi. VA imakuuzani kukula kwa katundu amene UPS inganyamule, pamene kutalika kwa nthawi kumadalira batire. M'kati mwa UPS yotere mumakhala batire limodzi la 12V 7Ah. Mukachulukitsa 12 ndi 7 mupeza 84Wh, yomwe ndi mphamvu yonse yosungidwa m'batiremo, koma zomwe zimafika ku seva n'zochepa kuposa apo chifukwa zina zimatayika posandutsa magetsi, komanso batire la mtovu likamakokedwa mwamphamvu silipereka zonse. Kompyuta ya 100W ingakhale mphindi 15 kapena 20 batire lili latsopano. Katundu wa 30W angafike pa ola limodzi.

Kumbukiraninso kuti batire limeneli limatenga maola 6 mpaka 8 kuti lidzadzenso. Magetsi akazima m'mawa, kubwera masana, n'kuzimanso madzulo, ulendo wachiwiriwu umapeza batire lisanakhute.

Ine ndikufuna seva izikhala yoyaka ngakhale magetsi atazima maola 8. Nditani?

Yambani ndi kuchepetsa zomwe seva ikudya, musanaganize zogula batire lalikulu. Apa ndi pamene pali phindu lenileni. Kusintha kompyuta ya 90W n'kuika ya 15W kumatalikitsa kasanu ndi kamodzi nthawi imene batire lomwelo lingayendetse seva, komanso kumachepetsa mayunitsi. Katundu wa 30W woyaka usana ndi usiku amadya 720Wh pa tsiku, omwe ndi mayunitsi pafupifupi 22 pa mwezi. Wa 90W amadya pafupifupi 65.

Laputopu yakale ndi seva yabwino kwambiri m'dera lozimazima magetsi, chifukwa ili kale ndi batire lake ndipo imadziwa yokha kuti chaja yasiya kupereka moto. Muziyang'ana batirelo miyezi ingapo iliyonse. Mukaona pansi pake patupa kapena mabatani akukwera, lichotseni msanga, lingayambitse moto. Dziwaninso kuti disiki yakunja yokhala ndi adaputala yake imazimabe ngakhale laputopuyo ikuyaka. Rauta nayo ili ndi njira yake yotchipa: timabokosi ta batire topereka 12V kapena 9V mwachindunji, topanda kudutsa pa 230V.

Ngati zimenezi sizikukwanira, mufunika inveta ndi batire la deep cycle, lopangidwira kutsitsidwa ndi kudzazidwa mobwerezabwereza. Masamu ake ali motere. Batire la 12V 100Ah lili ndi 1,200Wh. La mtovu musamalitsitse kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, choncho muwerengere 600Wh. Inveta imataya gawo lina posandutsa, kutsala pafupifupi 500Wh. Pa katundu wa 30W zikanakhala maola 16, koma inveta imadyanso pakati pa 10W ndi 20W pongokhala yoyaka, ndiye yembekezani maola 10 mpaka 12. Batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 mukhoza kulitsitsa kwambiri kuposa apo ndipo limapirira kudzaza ndi kutsitsa maulendo masauzande. Ndi lodula pogula, koma kumene magetsi amazima tsiku ndi tsiku ndi limene limabweza ndalama. Lifunika chaja yomwe ikudziwa lithium.

Posankha inveta funsani ngati ili ndi UPS mode, kuti izilowapo msanga. Sola imabwera pamwamba pa zonsezi ngati njira yodzazira batire masana, kudzera pa charge controller, kachipangizo koyang'anira kadzazidwe ka batire. Siilowa m'malo mwa batire.

Ndingachotse kabatire ka mu UPS n'kulumikiza batire la galimoto?

Ambiri amachita, ndipo zimaoneka ngati zatheka, koma sitikulimbikitsa. Batire la galimoto linapangidwira kupereka mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa poliza injini, ndipo likamatsitsidwa kwambiri mobwerezabwereza limafa pa miyezi yochepa. Chaja ya mu UPS ndi yaing'ono, ingatenge masiku kuti ilidzaze. Choopsa kwambiri n'chakuti UPS yaing'ono ilibe fani. Anaipanga poyembekeza kuti batire litha isanatenthe. Mukaiyendetsa maola atatu, pulasitiki yake ingasungunuke. Batire lothira madzi limatulutsanso mpweya wogwira moto likamadzaza, choncho si loika m'chipinda chogona kapena m'kabati yotseka. Batire lililonse lalikulu likhale ndi fyuzi pa waya wake, pafupi ndi mutu wa batirelo.

Seva ingadziwe bwanji kuti magetsi azima kuti idzizimitse yokha? Nanga ingayakenso yokha?

Gulani UPS yokhala ndi polowetsa chingwe cha USB cholumikiza ku kompyuta. Samalani, chifukwa ina ili ndi USB yongochajira foni. Pa Linux pali mapulogalamu aulere awiri odziwika: NUT, yomwe imamva ma UPS a makampani ambiri, ndi apcupsd ya ma UPS a APC. Windows imaona ma UPS ambiri a USB ngati batire la laputopu, ndipo mumaiuza chochita batire likatsika. Makina osungira mafayilo a Synology, QNAP ndi TrueNAS ali kale ndi malo okonzera zimenezi.

Musadikire batire lifike kumapeto. Ikani kuti seva idzizimitse magetsi akakhala osabwera kwa mphindi 3 mpaka 5. Kuphethira kwa masekondi sikuizimitsa, ndipo batire limatsala ndi mphamvu yodzathandiza ulendo wotsatira, monga tanenera pa funso la 650VA. Batire losatsitsidwa mpaka pansi limakhalitsanso.

Kuti iyake yokha, lowani mu BIOS, pokonzera kompyuta pomwe mumalowa ikangoyamba kuyaka, mupeze malo onena zochita magetsi akabwerera, omwe kawirikawiri amalembedwa Restore on AC Power Loss, musankhe Power On. Pali msampha umodzi apa. Seva imayaka yokha pokhapokha magetsi atachokadi pa chingwe chake n'kubweranso. Ikadzizimitsa koma UPS n'kupitiriza kupereka moto, magetsi pobwera iyo siona kusintha kulikonse, imangokhala chete. Choncho pulogalamuyo iyenera kuuzanso UPS kuti idule moto wake seva ikangozima. NUT ndi apcupsd zonse zimatha kutero, bola UPS yanu ikhale yomvera lamulolo.

Mukamaliza yesani. Zimitsani soketi ya pakhoma, khalani pomwepo muone ngati seva ikudzizimitsa, kenako yatsani muone ngati ikuyaka. Dongosolo losayesedwa musalidalire.

Pure sine wave ndi yofunikadi, kapena ndi njira yokwezera mtengo?

Zimatengera power supply yanu. Ma UPS ndi ma inveta otchipa amatulutsa magetsi odumphadumpha ngati masitepe m'malo mwa osalala ngati a pakhoma, omwe ndiwo amatchedwa pure sine wave. Ma adaputala a laputopu, rauta ndi mini PC ambiri sadandaula nazo. Ma power supply a makompyuta akuluakulu okhala ndi active PFC (njira yosalaza kakokedwe ka magetsi) ena amalira, ena amazima pa nthawi yomwe UPS ikulowapo. Ngati seva yanu ndi yotero, kapena inveta yomweyo idzayendetsanso fani kapena filiji, gulani ya pure sine wave.

Ndili ndi jenereta. Bwanji UPS ikumangolira osalandira magetsi ake?

Jenereta yaing'ono sithamanga pa liwiro limodzi. Katundu akasintha, magetsi ake amachoka pa 50Hz kapena pa 230V, ndipo UPS imawakana n'kupitiriza kudya batire mpaka litatha. Ma UPS ena amalola kutsitsa sensitivity kuti asamakane msanga. Jenereta ya mtundu wa inverter imatulutsa magetsi okhazikika ndipo vutoli limachepa. Poyatsa, idikireni ikhazikike musanalumikize katundu, ndipo pozimitsa yambani mwachotsa katunduyo.

Zinthu ziwiri pano zikukhudza moyo wa anthu. Jenereta isayake m'nyumba, m'galaja yotseka kapena pafupi ndi zenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Ndipo musailumikize ku nyumba polowetsa waya pa soketi ya pakhoma. Magetsiwo amabwerera ku mawaya a panja ndipo angaphe munthu amene akukonza pa pholo. Itanani wamagetsi wovomerezeka akuikireni changeover switch, swichi yodula magetsi a panja nyumba isanalandire a jenereta.

Nanga mphenzi? Ndili kale ndi guard ngati ya filiji.

Guard imadula magetsi akatsika kapena kukwera mopitirira, ndipo imadikira kaye isanawalolenso akabwera. Kudikira kumeneku n'kothandiza kwambiri, ndipo mukhoza kuika guard pakati pa khoma ndi UPS. Koma mphenzi ndi yofulumira kuposa guard. Chomwe chimachepetsa mphamvu yake ndi surge protector, yomwe imafuna waya wa earth wolumikizidwadi pansi. Nyumba zina zili ndi masoketi a mabowo atatu koma lachitatulo silipita kulikonse. Uzani wamagetsi ayeze. Surge protector imathanso mphamvu ikamenyedwa kangapo, choncho kanyali kake kakazima isintheni.

Mphenzi silowera pa soketi pokha. Waya wa netiweki wochokera ku mlongoti wa padenga, ku kamera ya panja kapena ku nyumba ina, ndi njira inanso yofikira pa rauta mpaka pa seva. Mphenzi ikagwa pafupi penipeni palibe kachipangizo kamene kangaitchinge. Mabingu akayamba kugunda pafupi, makamaka mvula zoyamba za Novembala ndi Disembala, zimitsani seva muzule pulagi ndi waya wa panjawo.

Batire la UPS limakhala zaka zingati, ndipo ndingadziwe bwanji kuti latha?

Opanga amanena zaka 3 mpaka 5, koma amawerengera chipinda chozizira bwino, cha 20°C mpaka 25°C, ndi magetsi ozima mwa apo ndi apo. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa batire la mtovu umadulidwa pakati. Ganizirani chipinda cha malata chopanda siling'i mu Okutobala, kapena ku Nsanje, Chikwawa ndi Salima. Onjezerani kutsitsidwa pafupipafupi, mupeza kuti chaka chimodzi kapena ziwiri si zachilendo.

Vuto lake n'lakuti batire lakufa limaoneka lamoyo. Nyali imakhala yobiriwira, mita imawerenga 12V kapena 13V, koma katundu akangofika limagwa pa masekondi. Njira yodalirika ndi kuliyesa ndi katundu miyezi itatu iliyonse, mutazimitsa soketi ya pakhoma, n'kulemba mphindi zomwe lakhala. Zikatsika kufika theka la poyamba, gulani lina. Likatupa, kutentha kapena kununkha ngati dzira lovunda, zimitsani UPS nthawi yomweyo.

Pogula, tengani la 12V ndi Ah zofanana, yang'anani kukula kwa mapini ake, ndipo funsani tsiku lomwe linapangidwa, chifukwa batire lokhalitsa pa shelefu osadzazidwa limawonongeka lisanagwire ntchito. Ngati UPS ili ndi awiri, sinthani onse pamodzi. Lembani tsiku pa batirelo. Lakalelo lili ndi mtovu ndi asidi, musaliotche, musaliponye m'dzala kapena kulisiya poseweretsa ana. Perekani kwa ogula mabatire akale.

Seva ndiziiyeretsa kangati, ndipo ndi chiyani?

M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, tsegulani mwezi ndi mwezi ngati muli pafupi ndi msewu wafumbi. Kunja kwa nyengo imeneyi, kuyeretsa pakapita miyezi itatu kapena inayi n'kokwanira. Zimitsani, zulani pulagi, gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze za mkati. Gwiritsani ntchito burashi yofewa youma ndi chopopera mpweya, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mwaliwiro. Madzi ndi nsalu yonyowa ayi. Power supply musaitsegule, imasunga magetsi ngakhale itazulidwa.

Seva isakhale pansi, pamene pali fumbi lambiri ndi madzi okolopera. Ikwezeni pa shelefu pomwe mpweya ukudutsa, kutali ndi dzuwa ndi utsi wa mbaula. Musaifunditse nsalu yokongoletsa. Mphemvu, nyerere ndi nalimata zimakonda kufunda kwa m'kati, ndipo nalimata mmodzi akhoza kuwotcha power supply, choncho tsekani mabowo akuluakulu ndi kaukonde ndipo musadyere pafupi. Makoswe amatafuna mawaya. Fani ikayamba kulira mwachilendo, isintheni isanaime.

Ndingadziwe bwanji kuti disiki yatsala pang'ono kufa?

Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake, yotchedwa SMART. Pa Linux mumaiwerenga ndi smartctl, pa Windows ndi CrystalDiskInfo. Yang'anani mizere ya Reallocated Sectors ndi Current Pending Sectors. Ikachoka pa 0 n'kumakwera, koperani zonse msanga. Kutentha kwa disiki yozungulira kukhale pansi pa 45°C. Phokoso logogoda m'kati ndi chenjezo lomaliza. Komabe madisiki ena amafa osachenjeza, ndipo n'chifukwa chake funso lotsatirali lilipo.

Ndili ndi UPS komanso madisiki awiri a RAID. Backup, kope lapadera la mafayilo, ikufunikabe?

Inde. RAID, yomwe imalemba zinthu zofanana pa madisiki onse awiri, imakutetezani disiki imodzi ikafa, basi. Mukafufuta fayilo molakwitsa, imafufutika pa onse awiri. Mphenzi, wakuba, moto kapena denga lodontha zimatenga onse pamodzi. Lamulo lodziwika ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba. Ngati bandulo ndi yodula, ikani pa intaneti zofunika kwambiri zokha monga zikalata, ndipo zotsalazo muzikopera pa disiki yakunja yomwe mukaisiya kuntchito kapena kwa m'bale. Disiki ya backup isakhale yolumikizidwa nthawi zonse. Nthawi ndi nthawi tsegulaniko mafayilo angapo muone ngati akuwerengeka.

Magetsi akabwera, seva ikumaonetsa tsiku lolakwika ndipo siikuyakanso yokha.

Kabatire kozungulira ka pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), kamene kamayendetsa wotchi yake, katha. Nambala yake ndi CR2032. Sinthani, kenako bwezerani mu BIOS zija tanena za kuyaka yokha. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yotere, imatenga nthawi pa intaneti, choncho rauta iyenera kuyaka nayo limodzi.

Ndikuchoka pakhomo kwa mwezi. Ndiisiye yoyaka?

Ngati simudzaifuna muli kutali, izimitseni, muzule pulagi ndi waya wa panja. UPS idzazeni kaye usiku wonse, kenako muizimitse ndi batani lake, chifukwa batire la mtovu losiyidwa lopanda moto kwa masabata silidzukanso bwino.

Ngati iyenera kukhala yoyaka, yesani kudzizimitsa ndi kuyakanso kwake musananyamuke, tengani backup, ndipo onetsetsani kuti mayunitsi a mu mita akwanira mwezi wonse kapena pali wina wolowetsa tokeni. Chotsani mapepala ndi nsalu pafupi ndi UPS. Wotsala pakhomo muonetseni soketi yoyenera kuzimitsa akamva fungo la kupsa, ndipo mateni kapepala pa batani loyatsira seva kuti mukamuimbira foni asavutike kulipeza.